Should Amene Anandikhazika pa Geti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Kanyama. Umboni wanga ndi wa ulova, ndipo uyamba ndi manyazi.

Fakitale yathu ya mabulangete itatsekedwa, zaka zija makampani ankagwa ngati mango akupsa, ndinapita kukapempha ntchito ku depoti ina ya feteleza. Kapitawo anandiyankha kuti, "Should we need you, we will send for you." Ine Chizungu changa ndinachitola m'manyuzipepala okulungira kapenta, ndipo should ndinkamudziwa kuti ndi "kuyenera". Ndinamva kuti ayenera kundifuna. Ndinafika kunyumba ndikuyimba, ndipo mkazi wanga, amake Tisa, anauza azimayi onse a pampopi kuti ndalembedwa ntchito.

Lolemba ndinafika pageti nsapato zili phuliphuli. Kapitawo anaseka mpaka kugwira khoma, kenaka anandimvera chisoni. Anandifotokozera kuti should akatsogola chotero amalowa m'malo mwa if. Iye ankatanthauza "tikakufunani", monga momwe had I known alili "ndikadadziwa". Sanalonjeze kanthu.

Kuuza mkazi wanga kunandikanika. M'mawa uliwonse ndinkanyamuka ngati wantchito, n'kukakhala pamwala kunja kwa geti ija mpaka dzuwa kupendeka. Kwina kopita kunalibe, mageti onse a mu Lusaka anali ndi yankho limodzi. Kunyumba ana ankadya kamodzi, ndipo Tisa ankafunsa kuti ovolosi yanga adzandipatsa liti. Mapemphero aatali anandithera. Ndinkangoti, Ambuye, mukandifuna ndili pano.

Tsiku lina malole anafika ambiri nthawi imodzi, onyamula matumba ali ochepa. Kapitawo anasuzumira kunja, napeza munthu mmodzi yekha ali pamwala. Ndinasenza matumba tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndili komweko. Nditaulula zonse kunyumba, amake Tisa anati ankadziwa kale, chifukwa malaya anga ankabwera osanunkha thukuta, koma ankangondipempherera.

Ndithokoza Mulungu amene sananyansidwe ndi umbuli wanga. Inu amene mukali kunja kwa geti, musaleke kudzuka m'mawa, ngakhale pemphero litatsala la mawu anayi.

Aneba anga ba Mwanza atamva nkhaniyi, anapukusa mutu.

"Ba Tembo, mukanaziba Chizungu bwinobwino, sembe mukali lova mpaka lelo."