Disiki Yachiwiri ya Kaundula wa Minda

Ine, Yotamu Msiska, wa zaka 34, wa ku Lupembe m'boma la Karonga, wokonza makompyuta, ndikunena izi.

Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, 9 koloko m'mawa, mayi Febby Kalua, mlembi wa gulu lina la alimi a mpunga kufupi ndi Hara, anandiitana. Kompyuta ya mu ofesi yawo, yoyendera pulogalamu ya Linux, sinkayaka. Mmenemo munali kaundula wa minda. Lachisanu komiti inkayenera kuweruza mkangano wa munda pakati pa mayi Tusekile, amasiye, ndi alamu awo, a Golden.

Ndinapeza disiki yam'kati itafa. Ndinaika yatsopano, n'kulumikiza disiki yakunja yosungirako makope a mafayilo. Inakana kutseguka chifukwa anaizula ikulemba. Nditaikonza, mafayilo anabwerera koma anali okhomeka, popeza nambala yomwe makina amazindikirira mwini wake inasiyana ndi yakale. Ndinakonzanso. Kaundula anatseguka 11:20. Gawo C, komwe kuli mundawo, munalibe.

Makope a pamenepo amadzipanga okha tsiku lililonse 4 koloko masana, ndipo chofufutidwa mu kompyuta chimafufutikanso pa disiki. Mbiri ya makina inasonyeza kuti Gawo C linafufutidwa Lachinayi pa 6 Malichi, 3:52 masana. Sinasonyeze munthu. Onse amalowa ndi pasiwedi imodzi, yolembedwa pa khoma kuti wina akapita kumaliro ntchito isaime.

Ndinafunsa ngati pali disiki ina. A Febby anati ilipo, amaisunga kunyumba kwawo ndipo amaisinthanitsa pa mwezi kamodzi. Windo linali lotsegula. A Golden anali atakhala pa benchi panja, mamita awiri kuchoka pa windo. Anasuzumira n'kunena kuti: "Mama, kwanu kuja mumakhala nokha, eti? Muzitseka bwino."

A Febby anatuluka mu ofesi. Anakwera njinga 12 koloko. Anabwera 2 koloko ndi disiki yokulunga m'chitenje, n'kuiika m'chikwama changa. Anati ndisaitsegulire pamenepo.

Ndinaitsegulira kwathu. Gawo C lilimo. Munda nambala 41 walembedwa m'dzina la mayi Tusekile.

Lachitatu 7 koloko m'mawa ndinawaimbira a Febby kanayi. Foni inali yozima. Ku ofesi sanafike. Kunyumba kwawo ndinapeza njinga yawo pakhonde, chitseko chili chotsegula. Disikiyo ndaipereka kuno ku polisi.

Ndi zomwe ndikudziwa, palibe chomwe ndawonjezera.

Siginecha: Y. Msiska ____________