Ndege Yodutsa pa Makhanga

Anzanga omvera, ine ndinkagwira ntchito pabwalo la ndege. Ndege ikatera, ndinkaikodola ndi timitengo towala mpaka iime pamalo pake. Korona itavuta anatipumitsa, ndipo ndinabwerera kwathu ku Makhanga. A yuniyoni anagwirizana ndi mabwana kuti poitananso anthu aziyambira akalekale pantchito. Ine ndinali watsopano, ndiye dzina langa lili kumchira.

Anzanga anabwerera kuntchito, malipiro anawakwezera. Ine ndikudikirabe. Foni ndimaikulunga m'jumbo n'kuipachika m'khosi, ngakhale pokwera bwato.

Tsiku lina tili kudimba, ndege inadutsa kutali m'mwamba. Ndinangozindikira ndakweza mapesi awiri, ndikuikodola.

Mayi akunyumba anaika khasu pansi. "Abambo, tsitsani manja. Imeneyotu siikutera kuno."

Ndinatsitsadi, koma ndinadikira kaye kuti izimiririke.