Masitepe a Doña Herminia

Kutatsala tsiku limodzi kuti mzinda wa Mexico uyeserere kuthawa chivomerezi, Don Fulgencio, mkulu wa zachitetezo panyumba yawo yosanja, anagogoda kwa Doña Herminia, mayi wosaona wokhala pamwamba penipeni. Mayiwa mtima unali m'mwamba, chifukwa mwana wawo Maricela anali atalumbira kuti bamboyu akapanda kusaina kuti angathe kukhala okha, awasamutsira kwake ku Puebla.

"Tochi," anawerenga Don Fulgencio papepala lake.

"Ndilibe."

"Aliyense ayenera kukhala nayo."

"Ndiunikire chiyani, aneba? Zaka makumi atatu sindinaone ndi mphuno yanga yomwe!"

"Pepalali silikunena za mphuno. Likunena za tochi."

Doña Herminia anausa moyo. Munthuyu ankakhulupirira pepala kuposa mawu a wansembe.

"Wenzulo ndili nayo. Mankhwala ndi madzi zili m'chikwama pakhomopo. Ndodo ndimagona nayo. Sainani basi."

"Ayi. Nambala seveni: wosaona atsike atagwira mkono wa womuperekeza. Womuperekezayo ndine."

"Inu? Masitepe amenewa ndimatsika m'mawa uliwonse pokagula buledi wa matotiya, inu mukuliza mkonono!"

"Pepala silikudziwa zimenezo. Gwirani."

"Sindigwira."

"Ndiye sindisaina."

Mayiwa anaganiza za ku Puebla, za kachipinda kachilendo ndi mkamwini wawo wolongolola, mwamuna wa Maricela. Anatola ndodo, nagwira chigongono cha bamboyu ngati akutola khoswe wakufa.

"Dikirani," anatero Don Fulgencio atatuluka pakhomo. "Nambala eyiti: chivomerezi chikabwera, magetsi amathima."

Thapu! Anathimitsa magetsi a m'masitepe, momwe munalibe ndi kazenera komwe.

"Ave Maria! Mdimawu bwanji?" anafuula bamboyu.

"Mwauitana nokha. Pepala likuti chiyani tsopano?"

"Sindikuliona!"

"Zoona? Pepani kwambiri."

Posakhalitsa, amene anagwira mkono wa mnzake anali Don Fulgencio, ndipo anaugwira ndi manja awiri.

"Mwendo wakumanja, aneba. Ayi, umenewo ndi mphika wa maluwa wa aneba athu, Doña Chole! Sitepe lotsatiralo ndi lobenthuka, pondani kukhoma."

"Musandisiye, mayi, chonde!"

"Ndikusiyani bwanji mutandikakamira ngati nkhupakupa? Masitepe atsala khumi ndi awiri."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndimawerenga, bambo. Inu mumangoyang'ana."

Anatulukira pabwalo bamboyu ali thukuta kamukamu. Za tochi sanazitchulenso. Anatsamiza pepala pakhoma, nasaina. Doña Herminia analipinda kanayi, nalibisa m'bulauzi, chimwemwe chitadzaza tsaya. Anayamba kubwerera, kenaka anaima.

"Koma chinthu chimodzi chikundidetsa nkhawa, Don Fulgencio. Inu mumakhala ndi ndani?"

"Ndekha."

"Nokha? Eee, ayi! Tandipatsani nambala ya foni ya mwana wanu."