Mashini a Amuna Anga Sachoka Pakhomo

Abusa, moni. Amai abusa, akuluampingo, azimai anzanga, abale ndi alongo nonse, mtendele wa Ambuye ukhale nanu. Ameni wanuyo wafooka bwanji, kapena mwadziwa kale chimene ndaimilila pano? Ndati mtendele wa Ambuye ukhale nanu! Eya, manje ndamva.

Ndikufuna kuchitila umboni. Ndineneletu kuti ena uwawawa pang'ono umboni umenewu, koma sindikhala pansi ndisanamalize.

Kwa alendo, ine ndine Amai Mumba, ndikhala njila ya ku Nyalugwe. Amuna anga a Mumba anatisiya chaka chino titangomaliza kukolola. Anali dalaivala wa malole, ndipo atapuma panchito, anzawo akugula ng'ombe ndi zigayo, iwo anabwela ndi mashini ocheka mapulanga. Ndi sowo ya injini ija yogwetsela mitengo, koma anaimanga m'chitsulo choti anthu awili agwile, wina uku wina uko, n'kumakankha pamwamba pa chipika chogona mpaka pulanga lituluke. Sanagulile malonda, awe. Anali matenda chabe okonda kucheka. Loweluka lililonse iwo ndi madala anzawo opuma panchito ankamangilila mashini panjinga, sabata ino kwa uyu, sabata inayo kwa uyo, aliyense kucheka mitengo imene anabzala yekha. Ankabwelako utuchi mpaka m'makutu, akukanganabe kuti pulanga la ndani latuluka losalala. Mipando imene ankakhoma ina inali yopendama, ankangogawila anthu.

Ine kulongolola ndinkalongolola, abale, chifukwa phokoso limenelo ngakhale nkhuku zinkathawa pakhomo. Koma anzawo akapanda kubwela, mbali inayo ankagwila ndani? Ndine. Kunola tcheni ndi tupa anandiphunzitsa. Kusakaniza petulo ndi oilo anandiphunzitsa. Manja awa mukuwaonawa akuwadziwa mashini aja.

Imfa inawapeza nyumba yathu yatsopano ili pakati. Zipupa za njelwa zootcha zinali zitakwela, malata tinali titagula, kunangotsala mitengo ya denga. Bulugamu wake anabzala okha kumunsi kwa munda, ndipo ankati chilimwe chino ticheka, tichoke m'nyumba yaudzu ija imene mvula ikagwa timayenda ndi mphasa kufuna pouma. Mapulanga ouma ochepa amene anali nawo ndi amene tinakhomela bokosi lawo. Chisakasa chimene ankasungilamo mapulangawo, anthu anachiphwasula n'kusonkhela moto wa pamalilo.

Pogawa katundu, abale awo anatenga zovala, njinga, wailesi, ine chete. Kenako alamu anga, mng'ono wawo wa a Mumba amene achita malonda pamsewu ku Kacholola, anaika dzanja pa mashini. Ati chitsulo ichi si cha mzimai, chidzangochita dzimbili, kuli bwino chipite kumene chikagwile nchito. Apo ndiye ndinatsegula pakamwa. Ndinati tengani zonse, ngakhale mbale ndi mapoto, koma mashini sachoka, ndimalizila nawo nyumba. Anthu anaseka, misozi ya malilo isanaume n'komwe. Akulu a banja pofuna kuthetsa mkangano anagamula kuti mashini akhale kwa ine mpaka mvula yoyamba. Mvula ikapeza nyumba ilibe denga, ndiye kuti ndalephela, alamu adzatenge.

Asanachoke, alamu anaonjeza china. Ati zitsulo za womwalila sagwila chisawawa, ziyambe zasambitsidwa ndi mankhwala kwa ng'anga, apo ayi mwini wake akwiya. Ndinawayankha kuti a Mumba anafela m'manja mwa Yesu, ndipo mashini awo sasamba china chilichonse koma oilo.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndinapita kwa Amai Sakala, awo ali apo avala chitambala choyela. Musabise nkhope amai, akuoneni. Wamasiye mnzanga ameneyo. Ndinati tiyeni mukandigwilile mbali inayo. Anandifunsa ngati sowo ija siidula miyendo, ine ndinati idula, koma ya anthu ogona. Madala anzawo a amuna anga anatigwetsela mitengo ingapo, ife n'kuyamba. Abale, mapewa anatupa. Utsi m'maso, utuchi m'kamwa. Koma mapulanga anatuluka, oongoka, osalala, onunkhila. Loyamba litagwa pambali tinazimitsa injini, tinayang'anana, n'kuyamba kuvina pa utuchi pomwepo.

Manje mvelani pamene mdani anapezela mpata. Ine ndine mlimi, mwana wa mlimi. Chinthu chachiwisi kwathu kuno timachita nacho chiyani? Nshawa timayanika padzuwa. Mphale padzuwa. Mfutso padzuwa. Ndiye mapulanga aja, popeza anali odzala madzi ndipo ine ndinali pa liwilo ndi mvula, ndinawayala pabwalo, ena n'kuwatsamilitsa kuchipupa. Dzuwa la ku Nyimba kuno mulidziwa nonse. Ndinkawatembenuzanso masana, ati aume bwino mbali zonse.

Sabata isanathe, mapulanga anayamba kupotoka. Lina kupindika ngati uta, lina kupotana ngati chovala chofinya, ena kung'ambika kumapeto mpaka chala kulowa. Panalibe ngakhale limodzi loti munthu n'kukhomapo lata.

Mbili inafika ku Kacholola ine ndisanawatole n'komwe pabwalo. Ati a Mumba akana. Ati manja a womwalila ndi amene akupotokola mapulanga, chifukwa mkazi wagwila zitsulo zosasambitsa. Anthu ankapatuka panjila kudzaona, kuima chapatali, dzanja pakamwa. Madala aja analeka kuponda pakhomo panga. Alamu anakwela basi kudzadzionela okha. Anagwedeza pulanga limodzi ndi nsapato, ati mlamu, kudikila mvula n'kutaya nthawi, ndipatseni mashini lelo ndikawasambitse, inu ndikutumizilani udzu mufolelenso kanyumba kanu kakale. Ndinawafunsa ngati mvula yagwa kale ku Kacholola, pakuti kuno sinagwe. Anachoka osalaila.

Ndipo ndinene pano pamaso pa abusa. Ena mwa amene ankafalitsa zimenezi si akunja ayi. Muli muno. Pa Sondo tikuimba limodzi, Lolemba mukundikokela pambali kuchitsime, ati amai pelekani chabe mashini, mungafe nazo izi. Sinditchula maina. Amene mtima wagunda adziwa yekha.

Pamaso pa anthu ndinali wolimba, koma mkatimu zinali zina. Mapulanga ndikanapilila. Mau akuti a Mumba andikana ndi amene anandilowa m'mafupa. Munthu amene ndinamusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi supuni mpaka tsiku lomaliza, lelo adzuke kumanda kudzalimbana ndi ine? Ndinamulakwila chiyani? Ndinayamba kuopa kulowa m'chipinda m'mene munali mashini, ine yemwe ndinawakanilila pamaso pa banja lonse. Bulugamu wotsala kumunda anali wongokwanila kuyesa kamodzi. Ndikanaononganso ameneyo, basi, denga kulibe, mashini apita.

Tsiku lina m'mawa ndinagwada pakati pa mapulanga opotoka aja, poyela, odutsa akuona. Pemphelo langa silinali laulemu, abusa mundikhululukile. Ndinati, "Ambuye, munanditengela mwamuna, sindinakufunseni. Manje mufuna ndichitenso manyazi pamaso pa anthu a mankhwala? Ngati akufa ali ndi mphamvu kuposa Inu, ndiuzeni lelo, ndikapeleke mashini, n'kuchalichi komwe ndileke. Ngati mphamvu ndi yanu, ndionetseni."

Kumwamba kunali zii. Ndinadzuka, ndinasasa maondo, ndinapita kukafuna nkhuku yanga imene inkaikila mobisa. Ndinaipeza pansi pa nkhokwe. Powelama kuti nditole mazila, ndinaona mapulanga aafupi amene tinaponya pamenepo tsiku locheka, otsalila, amene ndinati awa alibe nchito, n'kuyanika komwe ndi kudzivuta. Pamwamba pake ndinali nditaunjikapo njelwa zotsala. Ndinasolola limodzi. Loongoka. Ndinasolola lina. Loongoka, lopanda mng'alu. Mtengo womwewo, mashini omwewo, manja omwewa osasamba mankhwala.

Ndinakhala pansi pomwepo, mazila kuiwala. Kodi ndi mzimu wanji umenewu woopa kulowa pansi pa nkhokwe? Apo m'pamene chisakasa cha a Mumba chinandibwelela m'mutu. Zaka zonsezi ankasanja mapulanga awo mumthunzi kuseli kwa khichini, timitengo pakati pa pulanga ndi pulanga, miyala pamwamba, kumapeto atapaka oilo wakuda. Ine ndinkati ndi umbombo, akubisa kuti opempha asaone. Ndinkawanena nazo, iwo kumangoseka. Kucheka anandiphunzitsa, koma kuumitsa ankachita okha, ndipo ine sindinafunsepo. Pulanga laliwisi silifuna dzuwa, abale. Lifuna mthunzi, mphepo yodutsa pakati, ndi cholemela pamwamba, liume pang'onopang'ono. Amene anapotokola mapulanga anga ndi dzuwa, dzuwa lomweli limene likutiotcha panjapa.

Aleluya! Mulungu sanandiyankhe ndi bingu, anandituma kwa nkhuku. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, ndinanyamula pulanga lija paphewa, liwilo kwa Amai Sakala. Iwo poona ndikubwela ndikuseka ndi pulanga anaganiza kuti mutu wazungulila. Ndinawauza kuti amai, mailo m'mawa tibwelela kumunda.

Madala aja anakana kudzatigwetsela mitengo yotsala. Ati aliyense ali ndi ana, safuna kulimbana ndi akufa. Chabwino. Tinagwetsa tokha, azimai awili a imvi, titapemphela ndi kuona kumene mtengo wapendamila. Woyamba pogwa nthaka inagwedezeka, Amai Sakala n'kupezeka ali m'munda wa eni ake, nsapato yawo imodzi ya patapata itatsala m'mbuyo. Tinacheka. Tinamanga chisakasa, tinasanja monga ankasanjila a Mumba, timitengo pakati, miyala pamwamba.

Ndiye kudikila. Abale, kudikila kumeneko kunandiwawa kuposa kucheka. Masabata akupita, mitambo yayamba kusonkhana, anthu akonza mbeu, nyumba yanga ikali yasa kukamwa. Manja ankandiyabwa kuti nditulutse mapulanga aone dzuwa pang'ono chabe, tsiku limodzi. Ulimi suchoka m'magazi. Amai Sakala ankabwela m'mawa uliwonse kudzandilonda. Anati ndikangokhudza mwala umodzi, andimanga ndi chitenje pamtengo wa mango. Odutsa nawo anali ndi zawo, ati manje wawabisa kuti tisaone manyazi ake.

Sabata yatha tinachotsa miyala. Oongoka onse. Ndati onse, mpingo wa Mulungu. Mmisili anakwela, ife pansi kumupatsila, nyundo kulila, malata kugona bwinobwino. Lachinai denga linatha.

Lachisanu alamu anatulukila ndi ngolo ya ng'ombe yobweleka. Anali ataona mitambo yakuda. Mbili ya mapulanga opotoka inawapeza tsiku lomwelo, koma ya denga inali ikali panjila. Analowa pabwalo akuimba mluzu, kukweza maso chonchi, mluzu n'kuthela pakamwa. Ndinawapatsa mpando, ndinagwada, ndinawapatsa madzi, ulemu sindinataye. Anazungulila nyumba, analowa, anayang'ana mitanda umodziumodzi kufuna wopindika. Potuluka ati komabe mlamu, mzimu wa akulu anga sunapepesedwe.

Ndinati, "Alamu, ngolo mwabwelekayi isabwelele yopanda kanthu. Mapulanga opotoka awo munati anapotokola ndi akulu anu, ndiye ndi katundu wa kubanja kwanu, nyamulani onse. Oongokawa anandipatsa ndi Yesu, ndipo mashini sachoka pakhomo pano."

Kupakila ndinawathandiza ndine. Anayenda nawo pakati pa mudzi masanasana, mapulanga akugubuduka m'ngolo chifukwa ngakhale kugona pamodzi sankagona.

Mailo, dzulo lomweli, masana mvula yoyamba inagwa, nonse munaiona. Ine ndinakhala pansi pakati pa nyumba yanga, mashini ali pakona, malata akulila. Ndinakweza maso kufuna pamene padonthe, chizolowezi cha m'nyumba yaudzu. Panalibe. Ndinalila, abale. Ndinalilila a Mumba amene anabzala mitengo imeneyi koma sanagonemo ngakhale tsiku limodzi. Koma mantha ndinalibe. Sanandikane amuna anga. Sanandikanepo, anthu anangowanamizila ali m'manda osatha kudziyankhila, ndiye ndawayankhila ndine lelo.

Zikomo Yesu, mwandichotsa manyazi. Zikomo Amai Sakala, Mulungu akuonjezeleni masiku. Inu amene munati ndipeleke mashini, ndakukhululukilani ndi mtima wonse, koma mudziwiletu kuti Loweluka likubwelali mashiniwo alilanso, chifukwa kwa Amai Sakala nako kukudontha ndipo mitengo yawo yakula. Amene phokoso limuvuta atseke makutu.

Manje musangondiyang'ana. Imililani mukondwele nane, azimai nthungululu ikwele, azibambo manja, oimba yambitsani nyimbo. Lelo ikagwanso ndikagona pouma, m'nyumba yanga, mashini ali pakona. Ameni!