Kapaipi ka Doña Delfina

Mphepo ya ku Añelo inali itatidyetsa kale mchenga pamene a Evaristo, makaniko wathu wosamva za munthu, anamaliza kupaka girizi shafiti yaikulu ya injini yozungulitsa mapaipi obowolera mafuta. Chotsala chinali chakuti Lisandro wa zamagetsi, munthu woyankha chokhacho chimene wafunsidwa, achotse loko wake amene anatsekera switchi ya injiniyo.

"Chotsa loko, tilize," anatero a Evaristo.

"Ayi, madala. Muli chitsulo m'shafitimo."

"Iwe! Shafiti yonseyo si chitsulo?"

"Ichi n'chobwera."

A Evaristo anapukutira girizi pamimba. "Chachikulu bwanji?"

Lisandro anatambasula chikhatho. "Chagwera kumwamba muja munatsegula. Chatsakamira pa valavu yapansi."

"Kanthu kakang'ono ngati ako matope amene timapopera m'mapaipi akakankha. Chotsa loko!"

"Kakatsikira m'chitsime kakaswa mano a chobowolera. Bwana atithamangitsa tonse awiri."

"Ndakalambira pa nsanja pano ine! Shafiti yomwe ndamanga sindimasulanso. Ndiye iweyo unkachiona chikugwa?"

"Eya. Chinayamba n'kupendekeka kaye, pang'onopang'ono."

"Osachigwira bwanji?"

"Munandiletsa."

"Ine? Liti?"

"Tsiku lomwe ndinafika. Munati wochigwira mumudula dzanja."

"Bodza! Aaa, wandiumitsa kukhosi iwe." A Evaristo anatola chikho chawo cha yerba, tiyi wa kuno womwera pa kapaipi, nathiramo madzi otentha, nasuzumiramo. Anasanthula m'matumba. Anavula chisoti n'kuyang'anamonso. "Kapaipi kanga komwera kali kuti?"

"Kasiliva kaja?"

"Eya."

"Ka malemu apongozi anu? Kamene akazi anu, Doña Delfina, sakudziwa kuti munakatenga m'kabati?"

"Usakuwe! Kali kuti?"

Lisandro analoza kumwamba, kenako anatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka pa valavu.

"Mayo ine! Osanena bwanji?"

"Munafunsa kukula kwake. Dzina simunafunse. Chikho munachikhazika pakamwa pa shafiti, ndipo kwathu kuno kapaipi ka wothira yerba sakagwedeza munthu wina. Ndinangokaperekeza ndi maso."

Wailesi ya mauthenga inakhosomola, bwana akufunsa chomwe chikuchedwetsa. Kunena zoona ndinawamvera chisoni madalawo, chifukwa ukali wa Doña Delfina tonse timaudziwa.

Lisandro anapisa m'thumba natulutsa kiyi. "Chabwino, madala, mwina mukunena zoona. Matope akakankha."

A Evaristo anadumpha ngati aponda moto, sipanala ili kale m'manja.

"Ukangogwira lokoyo, ndikudula dzanja!"