Chitini chimene ndinachidinda ndi chala

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Dzina langa ndi Tadala, ndili Fomu 3 kuno ku Kawale. Sinditha kuyankhula pagulu, choncho ndalemba. Vuto limene linandigwira chaka chino ndi nsanje, ndipo inatsala pang'ono kuthyola mwendo wa mnzanga.

Mu kalabu yathu ya sayansi, aphunzitsi a Gondwe anatipatsa funso: chitini cha zakumwa chopanda kanthu n'chopyapyala ngati pepala, nanga chikaima chilili chingasenze katundu wolemera bwanji? Anati wochita bwino adzapita ku mpikisano wa masukulu. Tinatsala awiri, ine ndi Wezi.

Wezi amayankhula bwino, ndipo aliyense amamukonda. Amalume ake ali ndi golosale, ndiye zitini zake zinali zosalala, zopanda chilema. Zanga ndinkatola kuseri kwa msika, zina zopondedwa, zina zolowa mkati pambali. Ndinkaika thabwa pamwamba n'kumasanja njerwa, ndipo zinkakhwinyata msanga. Chitini chilichonse ndinkachijambula m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, kulemba pamene pali kachilema ndi njerwa zimene chasenza. Koma Wezi ankangoponda pa chitini chake ndi mwendo umodzi n'kuima, anthu m'manja phuphuphu.

Mtima unkandipweteka. Tsiku losankha, anzanga ali ku buleki, ndinalowa m'kalasi n'kudinda chitini cha Wezi ndi chala chachikulu. Malowo analowa mkati pang'ono chabe, osaoneka n'komwe. Ndinkadziwa zimene ndikuchita, chifukwa kabuku kanga kanali katandiphunzitsa kale.

Wezi ataponda, chitini chinaphwafuka nthawi yomweyo. Anagwa n'kubinya phazi. Anyamata anaseka, wina n'kukuwa kuti, "Wanenepa, sisi!" Aphunzitsi anasankha ine.

Abale, malo ndinawapeza koma mtendere unathawa. Sabata yonse ndinkamuona Wezi akutsimphina kuchokera pa siteji ya minibasi, ndipo ankandipatsabe moni. Ku tchalitchi ndinkalephera kuimba. Lachisanu ndinagwada kuseri kwa nyumba, pamene timayanika zovala, n'kunena kuti, "Ambuye, pakamwa panga ndi polemera, ndipatseni njira yoti ndiulule."

Njira inabwera. Ndinalemba zonse m'kabukuko, ndipo Lolemba ndinakapereka kwa Wezi. Anawerenga ataima pakhonde la kalasi. Nkhope inasintha.

"Tadala, iwe? Iwe wofatsa ngati nkhunda iwe?"

Ndinangolira. Iye anachoka ndi kabuku kanga, ndipo ndinadziwa kuti ku kalabu andichotsa, mwinanso aitana amayi.

Masana aphunzitsi anatiitana tonse awiri. Anandidzudzula kwambiri, ndipo anati malo abwerera kwa Wezi. Ndinavomera. Koma Wezi anatsegula masamba a kumayambiriro, a zojambula zija, n'kuti, "Aphunzitsi, taonani izi. Ine ndimangoima pa chitini, koma sindidziwa chifukwa chake chimagwa. Uyu akudziwa. Ndamukwiyira, koma popanda iye sindipita."

Aphunzitsi anayang'ana masambawo nthawi yaitali. Kenako anatsegula laputopu yawo n'kutionetsa pulogalamu yoyerekezera. Anajambula chitini changwiro, n'kuchipanikiza kuchokera pamwamba, ndipo chinapirira. Anaikapo kachilema kakang'ono pambali, n'kupanikizanso. Malo a kachilemawo anafiira, khoma linapindika kuyambira pomwepo, chitini chonse n'kutsatira. Zimene kompyuta inaonetsa zinafanana ndi zimene zitini zanga za kudzala zinandiuza: kachilema kakakula, njerwa zimachepa.

Anapempha kwa okonza mpikisano, ndipo analola kuti tipite awiri. Wezi ndiye ankafotokoza. Ntchito yanga inali kudinda zitini pamaso pa oweruza, china pang'ono, china kwambiri, kenako kusanja njerwa. Chala chomwe chija. Nditagwira chitini choyamba, Wezi anandinong'oneza, "Dinda bwino, ndiwe katswiri." Ndinaseka misozi ili m'maso.

Sitinapambane, tinakhala achitatu. Nsanje sinatheretu. Wezi akamayamikiridwa imandigwirabe pang'ono, koma tsopano ndimaizindikira ikadali yaing'ono, n'kuitengera kwa Ambuye isanandikhwinyatitse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa kudzera mwa munthu yemwe ndinamugwetsa. Inu amene mwabisa kanthu mumtima, musataye mtima, pempherani ndipo ululani. Chitini cha Wezi chija ndinachitola, chili pawindo la chipinda changa. Ambuye akusungeni nonse.