Anabwera kudzalira bambo anga ali moyo

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, koma dzina langa musalitchule.

Ndine woimba, kwathu ndi ku Chipera. Chaka chatha kampani ina yojambula nyimbo ku Tete inanditulutsira nyimbo yanga yoyamba. Mkulu wake anati, "Mawu uli nawo, koma anthu amatsata woimba amene amumvera chisoni. Ukanene kuti bambo ako angomwalira kumene, nyimboyi waimbira iwowo."

Ndinavomera. Anazilemba pa mapepala omata m'misika, inenso ndinazinena pa wailesi ndi pakamwa pangapa, mpaka kugwetsa misozi.

Sabata isanathe, azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anafika pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera ku Zambia. Anayambira kulira kumsewu, monga timachitira tikabwera maliro ataikidwa kale. Anansi anathamanga, ena n'kumalira nawo osadziwa kuti wafa ndani. Pamenepo bambo anatuluka m'khola la mbuzi, chingwe chili m'manja. Azakhali anagwa pansi.

Amayi atandiuza zimenezi, ndinaimba foni kuti ndipepese. Bambo sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Mwana wanga, usavutike. Maliro anga walira kale. Tsiku lenilenilo usadzasiye ntchito yako."

Nyimboyo ikumveka m'mabaraka onse omwera mowa a ku Fingoe, koma ine ndikaimva ndimapatuka njira. Akampani akuti ndikhale chete, ndingawononge malonda.

Ndatopa nako kukhala chete. Ndinanama pa wailesi, ndiye choonanso chimveke pa wailesi: bambo anga ali moyo, akuweta mbuzi zawo ku Chipera. Bambo, ngati mukumvera, ndikubwera kumudzi Loweruka, mudzanditsegulire.